Njoka yafundula zidutswazidutswa ndipo diso limodzi latuwa: tiithandize bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare:

"Mwana wanga wamwamuna, yemwe ali Fomu 3, akuweta njoka ya mtundu wa ball python imene amalume ake anamugulira chaka chatha. Kale inkafundula bwinobwino, khungu lonse n'kuvuka ngati sokosi. Mwezi uno wa Julayi yafundula zidutswazidutswa. Pamsana patsala zigamba, diso lakumanzere latuwa ndipo likuoneka lokwinyika, kunsonga kwa mchira kwatsala kamphete kouma. Mwanayo akufuna kuchotsa cha m'disocho ndi tweezer yanga yozulira nsidze, ndipo mnzake wamuuza kuti aipake Vaseline. Ine njoka sindizikonda, koma sindikufuna kuti ifere m'nyumba mwanga. Tithandizeni."

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanaikhudze. Ambiri amandipeza zinthu zitaonongeka kale, njoka ili m'chikwama diso litatupa. Tweezer ija ibwezereni m'kabati, Vaseline nayenso asafike pafupi. Njoka yanuyo siifa lero kapena mawa. Pa zinthu zitatu mwatchulazi, kamphete ka kumchira ndi kamene kakufuna changu, zigamba za pamsana n'zosavuta, ndipo diso, limene likukudetsani nkhawa kwambiri, ndi limene likufuna kuti manja atalikire.

Tiyambe ndi mmene njoka imafundulira zinthu zikakhala bwino. Khungu latsopano limapangika pansi pa lakale. Likakhwima, thupi limatulutsa timadzi pakati pa makungu awiriwo, ndipo timadzi timeneti ndi timene timamatula lakale kuti lisiyane ndi latsopano. Pa masiku amenewa njoka imatuwa, mawanga ake amazilala, kumimba kumafiirira pang'ono, maso amachita mtambo ngati mkaka wosungunula ndi madzi. Siiona bwino, n'chifukwa chake imabisala, imakana chakudya, ndipo ngakhale yofatsa imatha kuluma dzanja limene inalizolowera. Pakapita masiku atatu kapena anayi maso amayeranso, moti oweta atsopano amaganiza kuti zatha. Zimakhala zisanathe. Patapita masiku ena atatu mpaka 7 njoka imayamba kukhula mphuno pa mwala kapena pa mtengo, khungu limang'ambika m'milomo, limapindikira m'mbuyo, iyo n'kumakwawa kutulukamo, n'kulisiya litatembenuzika, kunja kuli mkati. Zonsezi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Njoka yaing'ono imene ikukula msanga imafundula pafupifupi mwezi uliwonse kapena mwezi ndi theka, yaikulu imatero kangapo chabe pa chaka.

Nkhani yonse yagona pa timadzi tija. Njoka ikakhala ndi madzi ochepa m'thupi siitulutsa tokwanira, ndipo mpweya ukauma kwambiri timaphwa nthawi isanakwane. Khungu lakale limakakamiranso pa latsopano. Inu mukudziwa zimene mumachita ndi mphika umene nsima yasiya nkhoko. Simulimbana nawo ndi mpeni, chifukwa mungaukande. Mumathiramo madzi n'kuusiya, ndipo mukabwerera nkhoko zimakhala zafewa zokha. Chithandizo cha njoka yanu n'chomwecho, kungoti mphika uwu ndi wamoyo ndipo ukakandika sukonzekanso.

N'chifukwa chiyani zachitika tsopano, pomwe kale zinkayenda bwino? Yang'anani kalendala. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula imasiya cha mu Epulo ndipo siibweranso mpaka cha mu Novembala. Mpweya wa miyezi ino ndi uja umaumitsa mfutso pa mphasa m'masiku awiri, umene umang'amba milomo ya ana popita kusukulu. Pomwe ball python kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'maiko ngati Ghana, Togo ndi Benin, ndipo kumeneko masana imakhala m'mauna a makoswe ndi m'ziulu za chiswe, momwe mpweya umakhala wofunda ndi wachinyezi chaka chonse. Tikaiweta imafuna chinyezi cha maperesenti 55 mpaka 60 masiku onse, ndipo 70 kapena kupitirirapo pa nthawi yofundula.

Pali china chimene oweta ambiri sachiganizira. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, ndiye mwana wanu, pofuna kuisamalira, amayatsa chotenthetsera usana ndi usiku. Akuchita bwino, njoka imafuna kutentha. Koma mpweya wozizira ukatenthetsedwa umauma kwambiri, chifukwa mpweya wotentha umatha kunyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Tinene kuti m'chipinda muli madigiri 10 usiku ndipo chinyezi chili pa maperesenti 60. Mpweya womwewo ukalowa m'bokosi la njoka n'kutenthetsedwa kufika madigiri 30, chinyezi chake chimatsika kufika pafupifupi maperesenti 17. Mpweya wotere umakhala ndi ludzu, ndipo umamwa madzi kulikonse kumene ungawapeze: m'mbale, m'zoyala pansi, ndi pakhungu la njoka. Bokosi likakhala lagalasi lokhala ndi sefa yawaya pamwamba, zimaipirapo, chifukwa mpweya wofunda umakwera n'kutuluka ndi chinyezi chonse. Ndipo dziwani kuti Julayi si mapeto. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi youma kuposa ino. Bokosilo likapanda kukonzedwa, kufundula kotsatira kudzakhala koipa kuposa kumeneku.

Tsono madzulo ano chitani izi. Pezani kontena lapulasitiki lokhala ndi chivindikiro chotseka bwino, lalikulu moti njoka n'kudzipinda momasuka, ndipo muboole mabowo angapo m'chivindikirocho. Viikani mataulo awiri kapena atatu m'madzi ofunda, a madigiri 27 mpaka 29. Muyeze ndi thermometer, musadalire dzanja. Thupi lathu lili pa madigiri 37, choncho madzi amene ife timati ndi ofunda bwino, osambira mwana, kwa njoka ndi otentha kwambiri. Madzi oyenera mukawakhudza ndi chigongono amamveka ngati sakutentha ndiponso sakuzizira. Finyani mataulowo kuti asamadonthe, muwaike m'kontenamo mokwinyakwinya, mwanayo aikemo njoka n'kutseka. Kontenalo likhale pamalo ofunda, osati pasimenti. Muisiye mphindi 20 mpaka 30 wina akuyang'anira. Njoka idzayamba kulowa ndi kutuluka m'makwinya a mataulo pofuna potulukira, ndipo pochita zimenezo imadzikhula yokha. Nthawi zambiri mukatsegula mumapeza zigamba zambiri zatsalira pa thaulo.

Ena amaiviika m'madzi enieni. N'zotheka, koma ine ndimakonda mataulo, makamaka kwa ball python imene imachita mantha msanga. Ngati mwasankha madzi, asapitirire theka la kunenepa kwa thupi lake, muikemo kathaulo kapena mwala woti igwirepo, ndipo musachokepo ngakhale mphindi imodzi, chifukwa njoka yotopa imamira m'madzi ochepa. Madzi amazizira msanga nyengo ino, ndiye mphindi 15 kapena 20 zakwana. Musaitsekere m'pilokesi yonyowa, monga ena amalangizira. Nsalu yothinana ikanyowa siidutsa mpweya bwino. Ndipo kontena ndi mataulo amenewa akhale a njoka yokha, asabwererenso kukhitchini, chifukwa njoka zambiri zimanyamula tizilombo ta Salmonella, timene timadwalitsa anthu, popanda izo kudwala nato. Mwanayo azisamba m'manja ndi sopo akamaliza.

Ikatuluka, mwanayo aigwire ndi thaulo lonyowa n'kuilola kuti idutse m'manja mwake, akufinya pang'ono chabe, kuchokera kumutu kupita kumchira. Asabwerere m'mbuyo, chifukwa mamba ake anagona choloza kumchira. Chigamba chimene chikuchoka chokha achilole chichoke. Chimene chakana achisiye, abwerezenso mawa ndi mkuja. Khungu latsopano limakhala lanthete masiku oyamba, ndipo mukakoka mwamphamvu mumang'amba ndi mamba amoyo, n'kusiya chipsera chimene chidzakola khungu nthawi iliyonse yofundula kwa zaka zambiri. Chigamba chimodzi kapena ziwiri pamsana sizipha njoka. Zikakanirira zidzachoka ndi kufundula kotsatira.

Kumchira ndi nkhani ina. Khungu lakale likazungulira nsonga ngati mphete, limauma n'kumanga ngati mphira womangidwa pachala. Njoka ikamakula, kapena mphete ina ikasanjikizana ndi inzake pa kufundula kotsatira, magazi amaleka kufika kunsonga ndipo nsongayo imafa. Njoka si nalimata kapena buluzi, mchira wake ukaduka suphukanso. Choncho ikangotuluka m'mataulo, khungu likadali lofewa, mwanayo anyowetse zala kapena kathonje kotokosera m'khutu, n'kumakunkhuniza kamphetekako pang'onopang'ono kulowera kunsonga, ngati mmene mumavulira mphete yothina ndi sopo, koma apa popanda sopo. Kakakana, anyowetsenso n'kudikira. Kawirikawiri kamavuka tsiku loyamba kapena lachiwiri. Muyang'anenso pamalo potulukira chimbudzi, ndi timinga tiwiri tili m'mbali mwake, chifukwa pamenepo khungu limakolanso. Mukapeza kuti nsonga yada, yauma gwaa ngati kamtengo, yatupa chakumtunda kwake kapena ikununkha, musaidule ndi lumo kapena sizasi. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, sabata yomwe ino.

Tsopano diso, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene njoka zambiri zoweta zimalumalira. Njoka ilibe zikope. M'malo mwake diso lililonse linakutidwa ndi kagalasi koonekera mkati, kamene ndi mbali ya khungu lomwelo. Kagalasi kameneka kamafunduka limodzi ndi khungu la kumutu, katsopano n'kutsala pamalopo. Nthawi zina kakale kamakanirira, ndipo diso limaoneka lotuwa kapena ngati lili ndi kachikoko. Koma diso lokwinyika, kapena lokhala ndi kodyoka pakati, nthawi zambiri si kagalasi kakale ayi. Ndi katsopano kamene kafota chifukwa njoka yauma m'thupi. Kwa munthu wosazolowera ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Njira yosavuta yodziwira ndi kufunafuna chidutswa cha khungu la kumutu chimene chinavuka, kuchinyowetsa pang'ono, kuchitambasula n'kuchiyang'ana polowera dzuwa. Mukaona timagalasi tiwiri tozungulira, palibe chatsalira m'diso. Mukaona bowo mbali imodzi, kagalasi ka mbali imeneyo kakadali panjoka.

Zaka zambiri zapitazo, ndikuyamba kumene kuweta njoka, ndinali ndi brown house snake, njoka zofiirira zopanda ululu zija zimene timazipeza m'magalaja ndi m'milu ya njerwa zikusaka makoswe. Itafundula nyengo ngati yomwe ino, diso limodzi linakwinyika. Munthu wina amene ndinkamukhulupirira anandiuza kuti ndimate selotepu padisopo n'kukoka pang'onopang'ono. Ndinatero, ndipo chinachake chinachokadi. Mawa lake ndinakatola khungu lakale m'bini, ndinalitambasula, ndipo ndinapeza timagalasi tonse tiwiri tili momwemo. Chimene ndinachotsa chinali kagalasi kamoyo. Disolo linauma, linatupa, kenako linafa. Njokayo inakhala nane zaka zina zingapo ikudya bwino, koma inkaphonya mbewa ikabwera mbali yakhunguyo, ndipo nthawi iliyonse ndikaona zimenezo mtima unkandipweteka. Nkhaniyi mumuwerengere mwana wanu.

Ngakhale mutatsimikiza kuti kagalasi kakale katsaliradi, musakazule. Kamodzi kokha sikavulaza diso pa masabata ochepa. Mataulo aja nthawi zambiri amakachotsa, njoka ikamadzikhula yokha. Mungathandizeko pogula ku pharmacy madontho a maso ouma, aja ongonyowetsa opanda mankhwala ena, n'kudonthezapo dontho limodzi m'mawa ndi madzulo. Kakakanabe, konzani chinyezi n'kudikira kufundula kotsatira, ndipo kawirikawiri kamavuka limodzi ndi khungu. Mupite kwa dokotala ngati kakaniranso kachiwiri, ngati timagalasi tasanjikizana, kapena ngati diso latupa kuposa linzake, kapena mkati mukuoneka zoyera kapena zachikasu ngati mafinya. Pansi pa kagalasi pali kampata kamene misozi imadutsa potsikira m'kamwa kudzera m'kanjira kakang'ono. Kanjirako kakatsekeka, kapena matenda a m'kamwa akakwera nako, diso limafufuma, ndipo zimenezo sizichira ndi thaulo.

Za Vaseline ndi mafuta ophikira: amatseka khungu, amakola fumbi ndi zinyalala pansi pa mamba, ndipo mafuta akachuluka mamba amafewa n'kumathothoka. Chimene khungu louma likufuna ndi madzi. Ndionjezepo chinthu china chimene simunafunse koma chili m'nyumba iliyonse kuno. Dettol ndi Jeyes Fluid zisalowe m'madzi a njoka kapena m'bokosi lake. Mankhwala a gulu la phenol amene ali m'menemo ndi poizoni kwa njoka. Potsuka bokosi, madzi otentha ndi sopo wa mbale zakwana, kenako mutsukuluze bwino n'kuumitsa padzuwa.

Zonse ndanenazi zikungochotsa khungu la mwezi uno. Chimene chidzathetse vuto ndi kukonza bokosi. Mugule hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi cha mumpweya, ya manambala, yoyendera batire, muiike pansi pafupi ndi pamene njoka imagona. Zamuvi zija zomata pagalasi zimanama kawirikawiri. Mukafuna kudziwa ngati yanu ikunena zoona, ikani mchere wa patebulo m'kachitsekero ka botolo, muunyowetse ndi madontho ochepa osausungunula, muutsekere limodzi ndi hygrometer m'kontena losalowa mpweya usiku wonse. M'mawa iyenera kuonetsa pafupifupi 75. Ikaonetsa 68, mwadziwa kuti nthawi zonse muzionjezera 7 pa zimene ikunena.

Ngati pamwamba pali sefa, vindikirani magawo atatu mwa anayi ndi pulasitiki wokhuthala kapena galasi, kutali ndi babu ngati lilipo, musiye mpata wa mpweya. Mbale ya madzi ikhale yaikulu moti njoka n'kulowamo yonse, yolemera kuti isagubuduke, ndipo mbali ina yake ikhale chakufupi ndi kotentha kuti madzi azikwera mumpweya. Madzi musinthe tsiku lililonse. A pachitsime kapena pa borehole amene inu mumamwa ndi abwino, a pampopi muwaphitse n'kuwaziziritsa ngati ndi mmene mumachitira ndi akumwa anu. Pansi muyale makoko a kokonati ogayidwa, amene amapezeka m'masitolo a ziweto ndi kogulitsa mbande za maluwa. Amasunga chinyezi bwino: mumathira madzi m'makona kuti pansi panyowe pamwamba pakhale pouma. Ndikudziwa kuti utuchi wa kwa akalipentala a ku Glen View Area 8 kapena ku Mbare umapezeka pafupifupi mwaulere, ndipo ana ambiri amayala umenewo. Wambiri ndi wa paini, umene uli ndi utomoni wonunkhira wopweteka mapapo ndi khungu la njoka, ndipo nthawi zina umasakanikira ndi fumbi la matabwa opaka guluu ndi vanishi. Ngati ndi umene uli m'bokosimo, uchoke lero. Nyuzipepala ndi yabwino kuposa utuchi umenewo pamene mukufunafuna zoyala zoyenera. Muikemonso mwala wokhakhala koma wosathwa, kapena chikuni chouma chotsukidwa bwino, kuti ikhale ndi poyambira kukhula mphuno.

Chinthu chimodzi chimene chapulumutsa njoka zambiri kuposa china chilichonse chimene ndikudziwa ndi kanyumba kachinyezi. Tengani kontena la ice cream la malita awiri, kapena lokulirapo malinga ndi njoka, muboole khomo m'mbali, musalaze m'mphepete mwa khomolo kuti musakhale mwakuthwa, mudzazemo moss ya sphagnum (zomera zangati ndere zosunga madzi) yonyowa koma yofinyidwa. Ikasowa, mapepala opukutira m'manja kapena kathaulo konyowa zimagwira ntchito, bola muzisintha pakapita masiku awiri kuti zisachite nkhungu. Muliike chapakati, pakati pa mbali yotentha ndi yozizira. Kameneka ndi chulu chake cha ku Ghana chimene mwachibweretsa ku Mufakose. Njoka imadziwa yokha nthawi yolowamo, ndipo mudzaona kuti maso akangochita mtambo imakhala m'menemo masiku angapo osatuluka.

Koma walira mvula walira matope. Oweta ena akamva za chinyezi amayamba kupopera madzi m'bokosi lonse m'mawa ndi madzulo mpaka pansi pamachita dambo. Njoka ikagona ponyowa ndi pauve masiku ambiri, mamba a kumimba amachita mawanga abulauni ndi matuza, kenako amaola. Ponyowa pakakhalanso pozizira, chifuwa chimabwera: imapuma ndi kamwa, imalira mluzu, m'kamwa ndi m'mphuno mumatuluka thovu. Chimene tikufuna ndi mpweya wachinyezi pamwamba pa malo ouma. Galasi likamachita thukuta tsiku lonse, mwapyola.

Kutentha nakonso kumalowapo, chifukwa njoka yozizidwa thupi lake limagwira ntchito mochedwa ndipo siifundula bwino. Mbali yotentha ikhale pa madigiri 30 mpaka 32, yozizira pa 24 mpaka 26. Heat mat (kamphasa kamagetsi kotenthetsera) kapena babu lililonse lidutsire pa thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyezo. Njoka siithawa msanga pamalo potentha kwambiri, imagonapo mpaka kumimba kupsa, ndipo chipsera cha moto ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakola khungu moyo wake wonse. Magetsi akazima usiku wa Julayi, fundikani bokosi ndi bulangete, muikemo botolo la madzi otentha lokulungidwa bwino m'thaulo, pamalo poti njoka ingathe kuyandikira kapena kutalikira. Mbaula isalowe m'chipindamo. Utsi wake wosaoneka uja umapha anthu, ndipo njoka siingaupirire.

Musanatseke nkhaniyi, mwanayo ayang'ane ngati ili ndi tizilombo. Pali tina tangati utitiri wa nkhuku timene timayamwa magazi a njoka, takuda kapena tofiirira, tating'ono ngati kadontho ka bolopeni. Timabisala m'mphepete mwa maso, m'kamzere ka pansi pa chibwano ndi pansi pa mamba. Njoka imene ili nato imakhala m'mbale ya madzi nthawi yaitali, ndipo pansi pa mbaleyo mumapeza timadontho ngati tsabola wakuda. Mukhozanso kuipukuta ndi pepala loyera lonyowa n'kuona ngati patsala timadontho toyenda kapena timagazi. Tikapezeka, chinyezi chokha sichithandiza. Zoyala zonse zitayidwe, njoka ikhale pa mapepala oyera, bokosi litsukidwe mobwerezabwereza kwa mwezi kapena kupitirira, chifukwa mazira ake amaikidwa m'ming'alu ya bokosi, osati panjoka. Mankhwala ake akupatseni ndi dokotala. Dibi ya ng'ombe, ufa wophera utitiri wa agalu ndi mankhwala opopera mphemvu zingathe kupha njokayo.

Pa chakudya, musaipatse maso akachita mtambo kapena pamene mukuichita za mataulozi. Mudikire masiku awiri kapena atatu zitatha. Ball python imatha kukana chakudya masabata angapo nyengo yozizira popanda vuto, bola isakuonde. Mbewa yamoyo isasiyidwe m'bokosi usiku, makamaka njoka ikakhala kuti siikuona bwino, chifukwa imaluma njoka n'kuisiyira mabala.

Mukafuna dokotala, yambani mwaimba foni n'kufunsa ngati amaona njoka, chifukwa ambiri anazolowera agalu, amphaka ndi ng'ombe. Ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuli sukulu ya madokotala a ziweto, ndipo kumeneko mungafunse kuti akulozereni woyenera. Poinyamula, ilowe m'pilokesi youma yomangidwa bwino kukamwa, pilokesiyo ilowe m'katoni kapena m'cooler box pamodzi ndi botolo lofunda. Mu kombi (minibasi) katoniyo isatsegulidwe. Mutenge khungu lakale, ndi manambala a kutentha ndi chinyezi amene mwakhala mukulemba. Kupatula za diso ndi mchira zija, mupite ngati njoka yafundula moipa kawiri kapena katatu motsatizana bokosi mutalikonza kale, ngati ikuonda mpaka fupa la msana kuonekera, kapena ngati ikufundula pafupipafupi modabwitsa, masabata awiri kapena atatu alionse. Pamenepo khungu likungoulula matenda ena amene ali mkati.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kuitchula chifukwa tonse tikudziwa kumene tikukhala. Lamulo la Parks and Wildlife Act la 1975 limaika nsato ya kuno pagulu la nyama zotetezedwa mwapadera, ndipo anthu amamangidwa akapezeka nayo popanda chilolezo. Ball python ndi mtundu wina, wochokera kunja, koma ndi ya banja lomwelo, ndipo munthu woiona pazenera sangasiyanitse. Amalume aja asunge risiti ndi mapepala alionse a kumene anaigula, ndipo apite ku likulu la ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, pafupi ndi National Botanic Garden, akafunse za chilolezo choyenera. Ndikudziwanso zimene anthu amalankhula, kwathu ku Malawi ngakhalenso pakati pa anansi athu Achishona, akamva kuti m'nyumba mwa uje muli njoka. Mawu a ufiti sachedwa, ndipo amagwera mayi wa pakhomo kuposa mwana. N'chifukwa chake ndikuyamikira kuti inu, amene simuzikonda n'komwe, ndi amene mwalemba kalatayi. Zidutswa za khungu musazitaye pabwalo kapena m'ngalande pamene ana a anzanu angazitole. Zokulungani m'pepala muzitaye m'bini, kapena mwanayo azisunge.

Ine ndingakonde kuti azisunga. Mumugulire kope la masamba 32, azilembamo tsiku limene maso achita mtambo, tsiku limene ayera, tsiku limene yafundula, zimene hygrometer ikunena m'mawa ndi madzulo, ndi kulemera kwa njoka kamodzi pa mwezi. Chidutswa cha kumutu azichimata patsamba la tsikulo. Njokayi ingathe kukhala zaka 20 kapena 30, ndiye idzakhala naye mpaka atakula n'kukhala ndi nyumba yake. Kwa njoka ya msinkhu umenewu, kufundula kotsatira kudzafika cha kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, mphepo youma ili pachimake. Maso akadzangochita mtambo, anyowetse moss ya m'kanyumba kaja, athire madzi m'makona mpaka hygrometer ifike 70, asiye kuinyamula ndi kuidyetsa. Khungu likadzavuka alitambasule likadali lofewa, awerenge timagalasi tiwiri kumutu, kenako atsike nalo mpaka kumapeto aone ngati kansonga ka mchira kalipo.